Mbidzi za kwathu zisasakanizidwe ndi za kwina

Munthu akachoka pa Boma la Mchinji n'kuwoloka malire pa Mwami, kudutsa Chipata mpaka kutsetserekera ku Mfuwe m'chigwa cha Luangwa, amakapeza mbidzi zosiyana ndi zimene amaziona pa TV. Za ku South Africa zili ndi mizere ikuluikulu, ndipo pakati pa mizere yakudayo pamadutsa timizere tina tofiirira tosaoneka bwino. Za ku Luangwa mizere yake ndi yopyapyala, yothithikana, yofika mpaka kuziboda, popanda tofiirira tija.

Mbidzi imeneyi akatswiri amaitchula kuti ya Crawshay, dzina la Richard Crawshay, mzungu amene ankasaka nyama m'dziko muno nthawi ya atsamunda. Dzinali linalembedwa m'mabuku mu 1896. Imapezeka kum'mawa kwa Zambia, kumpoto kwa Mozambique ndi kuno ku Malawi, makamaka ku Nyika. Alenje akumudzi ankaidziwa kalekale, kungoti palibe amene anawafunsa polemba mabukuwo.

Si mbidzi yokha. Nyumbu ya ku Luangwa, yotchedwa ya Cookson, ndi yotuwirako poyerekeza ndi anzake akumwera, ndipo kwawo n'komweko. Nyamalikiti ya Thornicroft nayo sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi kupatula m'chigwa chimenechi. Zoterezi zilinso ku North America, kumene alenje amadziwa kuti chimbalangondo chotchedwa chakuda chimakhala chakudadi kum'mawa, koma kumadzulo kuli chofiirira, ndipo ku British Columbia kuli china choyera chotchedwa Kermode. Nyama ikakhala malo amodzi kwa mibadwo yambiri, yotsekeredwa ndi mapiri kapena mitsinje, mbewu yake imatenga maonekedwe akeake.

Nanga bwanji kudandaula ndi mizere ya pachikopa? Chifukwa Malawi inataya kale nyama imodzi yotere. Nyumbu ya Nyasa, yokhala ndi mzere woyera wodutsa pamphuno, inatchulidwa dzina la mtsamunda Harry Johnston, koma mfuti zinaimaliza m'dziko muno. Lero wofuna kuiona ayenera kupita ku Niassa ku Mozambique kapena kumwera kwa Tanzania.

Masiku ano chiopsezo china chabwera ndi ntchito yabwino. Nkhalango zathu zikudzazidwanso ndi nyama zonyamulidwa pa malole. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, nkhalango yoyandikana ndi Mchinji, yomwe ili m'dera limodzi lotetezedwa ndi Lukusuzi ya ku Zambia potsatira pangano limene maiko awiriwa anasainirana mu 2015. Kubwezeretsa nyama n'koyenera, bola alimi ozungulira atetezedwe. Koma posamutsa mbidzi kapena nyumbu, funso loyamba lisakhale lakuti zotsika mtengo zili kuti. Mbidzi ya kumwera ikakwerana ndi ya Crawshay, ana ake sakhalanso a Crawshay, ndipo palibe mpanda umene ungabweze zimenezo. Mlendo wolipira ndalama kudzaona nyama yosapezeka kwawo angabwererenji kudzaona yofanana ndi ya ku Kruger ku South Africa?

Nthambi yoona za nyama zakutchire iyenera kulengeza poyera kumene nyama iliyonse yosamutsidwa yachokera ndi mtundu wake. Mafumu a ku Mchinji ndi Kasungu, amene anthu awo amakhala m'mphepete mwa nkhalangoyi, afunse zimenezi malole asanatsitse nyama.