Maina a M'dambo la Shire Alembedwe Akulu Akadali Moyo

Kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene nyanja imauma gwa ndi chisanu, kuli chilumba cha miyala yokhayokha, chopanda mudzi, mtengo kapena manda a makolo, chotchedwa Elephant Island. Ndipo njovu sinapondeko chiyambire, pakuti amalinyero a zaka za m'ma 1820 anachitcha motero ataona zilombo zam'nyanja za mphuno yonga chitamba. Pachilumbacho anthu 22 a ulendo wa panyanja wa Ernest Shackleton anapirira miyezi inayi ndi theka m'chaka cha 1916, akugona pansi pa maboti ovundikira. Iwo amene anatcha malowo sanalakwire munthu, popeza panalibe mwini woti n'kumufunsa.

Kwathu kuno nkhani inali ina. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, naona njovu ngati 800 m'dambo lalikulu la pakati pa Chikwawa ndi Chiromo, analitcha Elephant Marsh, ndipo mathithi a kumtunda anawapatsa dzina la Murchison, mkulu wa ku London amene madzi a Shire sanawamwepo. Koma Amang'anja anali pomwepo, akulima, akuwedza, akupereka nsembe kwa Mbona ku Khulubvi pansi pa ulamuliro wa Lundu ndi Tengani. Mlendo ndi mame, amatero akulu, komatu mame awa sanakamuke: njovu zinatha, dzina lake likadali pamapu.

Sindikunena kuti tifafanize mbiri. Port Herald anasanduka Nsanje ufulu utadza, ndipo zinali bwino. Koma chondiwawa mtima n'chakuti maina a tizilumba, mifuleni ndi maiwe, amene msodzi wa mlamba amawatchula ali chiimire m'bwato ndi mponda wake, sanalembedwe mokwanira. Madzi osefukira a mu 2015, amene anasuntha njira ya mtsinje wa Ruo nadula Makhanga, ndiponso namondwe Freddy wa mu 2023, aonetsa kuti mudzi ukasamuka, maina a malo ake amatsalira m'matope.

Popeza dambo la Elephant Marsh linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse m'chaka cha 2017, ndipo akatswiri amadza kudzawerenga mbalame zake, n'koyenera kuti makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, pamodzi ndi mafumu, atume aphunzitsi ndi ana asukulu kumadooko, akakhale pansi ndi asodzi okalamba, alembe dzina lililonse m'Chimang'anja ndi m'Chisena, ndi kulipereka kwa ojambula mapu a boma.