Lekani Kutiuza Kuti Zonse Zili pa Intaneti

Pali mawu amene afala masiku ano pamisonkhano ya makolo, m'matchalitchi, ngakhale m'zipinda zathu za aphunzitsi. Amati: "Mwana wa lero alibe chifukwa cholepherera mayeso. Zonse zili pa intaneti, ndipo n'zaulere." Wonenayo amagwedeza mutu ngati wathetsa nkhani yonse ya maphunziro m'dziko muno. Ine ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina muno mu Chipata, ndipo ndikuti mawu amenewa ndi bodza lovala suti. Kuipa kwake n'kwakuti amatenga katundu wa boma, wa makampani a mafoni ndi wa ife aphunzitsi, n'kumusenzetsa mwana wa ku Mchini kapena ku Nabvutika. Akalephera, timati ndi waulesi.

Musandimve molakwa. Mavidiyo ophunzitsa ndi chinthu chabwino, ndipo ena mwa iwo amafotokoza bwino kuposa mmene ambiri a ife timafotokozera pa bolodi ikafika piriyodi yomaliza, pakhosi pataphwa. Vidiyo satopa, sakalipa, sakuseka ukafunsa kachitatu. Ukhoza kumuimitsa, kumubweza, kumuoneranso mawa. Mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba, kapena mnyamata wopalasa njinga yonyamula anthu amene akufuna kulembanso GCE, angapindule nawo kwambiri. Koma taonani kumene zinthuzi zinachokera. Khan Academy, yomwe ndi yotchuka pa zonse, inayamba m'chaka cha 2004 pamene Salman Khan wa ku America ankaphunzitsa masamu msuweni wake wamng'ono polankhulana naye pa foni. Anayamba kuika maphunziro pa YouTube mu 2006, ndipo bungwe lenileni linakhazikitsidwa mu 2008. Choyamba panali munthu wodziwa mwana, womva pamene mwanayo akukakamira, n'kumuyankha. Mavidiyo anabwera pambuyo. Ife tikufuna kutenga mavidiyowo n'kutaya munthuyo.

Tiyeni tiwerenge mtengo wa chinthu chaulerechi. Pafunika foni yotha kuonetsa vidiyo. M'nyumba zambiri za m'komboni foni yotere ndi imodzi, ndipo imadzuka m'mamawa kupita ndi amayi ku msika wa Kapata chifukwa ndi mmene mumalowera ndalama za makasitomala. Imabwera madzulo batire ili pafupi kutha. Pafunikanso bandulo, ndipo aliyense amadziwa mmene vidiyo amadyera bandulo: ngati mbuzi yolowa m'dimba. Mabandulo otsika mtengo nthawi zambiri amakhala a WhatsApp ndi Facebook, kapena a usiku pamene mwana wa sukulu ayenera kukhala m'tulo. Ndiye kuseka ndi miseche n'zotchipa, kuphunzira n'kodula. Chachitatu ndi malaiti. Mu 2024 chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti dziko lili pa tsoka, ndipo miyezi yotsatira malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse. Amene anali ndi sola ndi inverter anapitiriza kuphunzira. Ena onse anakhala mumdima, foni itazima m'manja.

Sitinayambe lero kuona zimenezi. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha COVID-19, maphunziro anaikidwa pa TV, pa wailesi ndi pa intaneti. Makalasi a mayeso anabwerera mu June, ena onse mu September. Funsani mphunzitsi aliyense amene analandira anawo. Amene kwawo kunali TV, malaiti ndi kholo lowayang'anira anabwera atapita patsogolo. Ambiri anabwera ataiwala ngakhale zimene ankadziwa. Phunziro linali limodzi kwa onse, koma phindu linatsata thumba la makolo.

Tiyerekeze kuti zonsezi mwazipeza: foni, bandulo, malaiti. Kodi "zonse" zilimodi? Amene adzalembe mayeso anu ndi a Examinations Council of Zambia, osati aphunzitsi a ku California. Maphunziro a Khan Academy anasanjidwa motsata makalasi a ku America, ndipo mwana wa Giredi 11 wopanda womutsogolera sadziwa kuti alowere khomo liti. Akhoza kutha mlungu wonse pa mutu umene sudzabwera, n'kusiya Earth Geometry ndi Linear Programming zimene zimamudikira mu pepala lachiwiri. Akhoza kuzolowera kudina calculator pa funso lililonse, pamene pepala loyamba la masamu la ECZ silola calculator. Masamu ndi sayansi zili bwinoko, chifukwa atomu ndi yomweyo ku Chipata ndi ku London. Nanga Civic Education? Nanga mbiri ya Angoni, mmene Zwangendaba anawolokera Zambezi mu 1835, kapena nkhondo ya 1898 imene inagwetsa ufumu wa Mpezeni n'kuphetsa mwana wake Nsingo? Nanga phunziro la Chinyanja? Mukazifufuza mudzapeza tizidutswa apa ndi apo, tina tolondola, tina tabodza, popanda wokuuzani kuti katemera ndi kati.

Palinso chilankhulo. Mwana amene amalimbana ndi Chingerezi cha mphunzitsi wake wa ku Katete, amene amatha kumumasulira mawu ovuta m'Chinyanja, tikumutumiza kwa mzungu wolankhula mothamanga ngati akuthawa mvula, wopereka zitsanzo za baseball ndi ma dollar. Mwanayo amamenya nkhondo ziwiri nthawi imodzi, ya masamu ndi ya khutu. Akagonja, sitidziwa kuti wagonja pa iti.

Bodza lalikulu koposa lili m'mawu okoma aja akuti aliyense aziphunzira pa liwiro lake. Liwiro la munthu wosayang'aniridwa nthawi zambiri ndi kuima. Si ine ndekha ndikutero. Mu 2019 akatswiri a ku yunivesite ya MIT anafalitsa kafukufuku wa maphunziro aulere a pa intaneti amene MIT ndi Harvard ankapereka pa edX. Anapeza kuti m'chaka cha 2017 mpaka 2018, mwa anthu 100 alionse olembetsa, pafupifupi atatu okha ndi amene ankamaliza. Ambiri mwa olembetsawo anali akuluakulu ophunzira kale, a m'maiko olemera, okhala ndi kompyuta ndi malaiti osazima. Ngati otere akugwera panjira, tikuyembekezera chiyani kwa mtsikana wa zaka 16 amene ayenera kutunga madzi, kuphika ndi kulera ang'ono ake, pa foni yomwe mulinso TikTok?

Ndiponso kuonerera si kudziwa. Munthu akhoza kuonerera mpira wa Chipolopolo zaka khumi koma osatha kumenya penati. Vidiyo amakupatsa kukoma kwa kumvetsa: mphunzitsi akulemba, zonse zikuyenda, iwe ukuvomera ndi mutu. Tseka foni, tenga pepala loyera, uone mmene mutu umakhalira mbee. M'kalasi mwanga ndimawadziwa ana otere. Amanena mawu onse a phunziro molondola, koma pa sitepe yachiwiri ya funso dzanja limauma. Chimene chimaphunzitsa munthu ndi kulakwitsa, wina n'kuloza ndi cholembera chofiira kuti apa ndi pamene waphonya. Vidiyo saona buku lako.

N'chifukwa chiyani tsono mawu aja akukondedwa chonchi? Chifukwa amapeputsa akuluakulu. Maphunziro aulere amene anayamba mu January 2022 ndi chinthu chabwino, ndipo anabweza m'kalasi ana ambiri amene anali atakhala pakhomo. Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho. Komabe makalasi adzaza mpaka pakhomo, ndipo mphunzitsi mmodzi sangachonge mabuku onse tsiku lililonse. M'malo monena chilungamo kuti tikufunika zipinda zina, mabuku ena ndi aphunzitsi ena, n'kosavuta kuuza mwana kuti akaonere pa YouTube. Nafenso aphunzitsi tili ndi gawo lathu. Alipo anzathu amene amadumpha mutu wovuta m'kalasi n'kunena kuti "mukafufuze pa intaneti", koma madzulo akuphunzitsa mutu womwewo ku tyushoni yolipira. Umenewo si uphunzitsi wamakono. Ndi malonda.

Chopweteka n'chakuti njira zilipo, ndipo sizili kutali. Pali pulogalamu yotchedwa Kolibri, yopangidwa ndi bungwe la Learning Equality, imene imasunga mavidiyo ndi mafunso pa kakompyuta kamodzi, ana n'kumalumikiza mafoni awo popanda intaneti kapena bandulo. Kakompyuta kotere kamayenda ndi sola yaing'ono. Ku Katete, bungwe la Impact Network lakhala zaka zambiri likuphunzitsa ana a kumidzi ndi matabuleti ndi sola, mphunzitsi ali pomwepo m'kalasi. Kutsidya kwa Mwami, ku Malawi, ana aang'ono akuphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti a bungwe la onebillion m'Chichewa, chilankhulo chathu chomwechi. Onsewa anamvetsa kuti chipangizo chimafunika malo, magetsi, chilankhulo cha mwana ndi munthu woyang'anira.

Ndiye zofuna zanga ndi zitatu. Ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse mu 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Makomiti a ku Chipata Central ndi ku Luangeni aike sola ndi kakompyuta ka maphunziro pa sekondale iliyonse, chipinda chake chizitsegulidwa madzulo ndi Loweruka, ngakhale kwa olemba GCE. Chachiwiri, ZICTA ndi Unduna wa Maphunziro akhale pansi ndi MTN, Airtel ndi Zamtel kuti malo a maphunziro a pa intaneti asamadye bandulo. Ngati n'zotheka kutchipitsa Facebook, n'zothekanso kutchipitsa Chemistry. Chachitatu ndi cha ife aphunzitsi a kuno kum'mawa. Foni tili nazo, bolodi tili nalo, silabasi timaidziwa pamtima. Tijambule maphunziro afupiafupi otsata ECZ, mawu a mayeso m'Chingerezi, kufotokoza m'Chinyanja, zitsanzo za matumba a mtedza ndi mtunda wochoka ku Chipata kupita ku Lundazi. Palibe wa ku America amene adzatichitire zimenezi.

Inu achinyamata, musadikire kuti akuluakulu amve, chifukwa mayeso sadikira. Giredi 1 mpaka 6 ndi imene koleji imafuna, ndipo siipezeka poonerera. Yambani ndi silabasi ndi mapepala a mayeso a zaka zapita, muone mutu umene ukukuvutani, kenako mufufuze vidiyo wa mutu womwewo basi. Mutu umodzi susenza denga: khalani anayi kapena asanu, sonkhani bandulo imodzi, wina atsitse vidiyo pa 360p, ena alandire pa Bluetooth. Mphunzitsi wa m'vidiyo akalemba funso, imitsani, muyambe mwayankha nokha papepala. Mawa mubweretse pepalalo kwa aphunzitsi anu kuti achonge, ndipo musachite manyazi, chifukwa ndi ntchito imene timalandirira malipiro.

Ndipo wina akadzakuuzaninso kuti zonse zili pa intaneti, mufunseni mwaulemu kuti iye ana ake amawatumiza kuti. Mudzapeza kuti ali pa sukulu ya makalasi aang'ono, yokhala ndi laibulale ndi jenereta, ndipo madzulo kumabwera mphunzitsi wa tyushoni kunyumba.