Tileke Kunamizira Oyera

Pa makalendala a m'nyumba zathu, pa timakadi tokumbukira omwalira, ndiponso m'mauthenga a pa WhatsApp amene amatidzutsa m'mamaŵa, timapezamo mau okoma ambirimbiri, ndipo m'munsi mwake mumakhala dzina la munthu woyera. Mauwo amayenda msanga: lero ali pa foni, maŵa ali pa ulaliki, mkuja ana akuŵaloŵeza pa katekisimu. Koma kodi alipo amene amaima nkufunsa kuti woyerayo adanenadi zimenezo, adazinenera kuti, ndipo liti? Makolo athu adati kandimverere adakanena za m'maluŵa. Ife tikuti akandimverere achuluka m'Nyumba ya Mulungu, ndipo nthaŵi yakwana yoti tileke kunamizira oyera.

Tiyambe ndi pemphero lopempha kuti Mulungu atisandutse zipangizo za mtendere wake, lija anthu amati ndi la Francis Woyera wa ku Assisi. Francis adamwalira mu 1226, ndipo zolemba zake zilipo mpaka lero: malamulo a chipani chake, makalata ndi malangizo kwa abale. Pemphero limeneli mulibemo. Lidaoneka koyamba mu 1912 ku Paris, m'kamagazini kachifalansa kotchedwa La Clochette, popanda dzina la wolemba. Mu 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, nyuzipepala ya ku Vatican, L'Osservatore Romano, idalisindikiza. Pambuyo pake lidalembedwa kuseri kwa chithunzi cha Francis, ndipo pofika 1927 ena adayamba kunena kuti mwiniwake ndi iyeyo. Katswiri wa mbiri yakale, Christian Renoux, ndiye adalondola mapazi ameneŵa m'buku lake la mu 2001. Tsono pakati pa imfa ya Francis ndi kubadwa kwa pempheroli pali zaka 686.

Wina anena kuti: nanga pali vuto lanji, poti pemphero nlabwino? Nlabwinodi, ndipo tisaleke kulinena. Koma tamvani mau ena amene amaŵapachika pa Francis yemweyo, akuti tizilalika Mthenga Wabwino nthaŵi zonse, koma pakamwa tizitsekula pokhapokha ngati nkofunika. Palibe pamene iye adalemba zotero. Chimene chilipo nchakuti m'malamulo ake a mu 1221, mutu 17, adaletsa abale kulalika popanda chilolezo, nkuwonjezera kuti onse azilalika ndi ntchito zao. Francis mwiniwake anali mlaliki wosatopa, woyenda mudzi ndi mudzi, ndipo mu 1219 adakafika pamaso pa Sultan al-Kamil ku Damietta, m'dziko la Egypt, kukanena za Khristu ndi pakamwa pake. Lero mau onamizirawo asanduka mthunzi wobisalamo makolo amene satchula dzina la Mulungu kwa ana ao, amvekere chitsanzo chokha nchokwanira. Paulo Woyera, m'kalata yake kwa Aroma mutu 10, amaphunzitsa kuti chikhulupiriro chimadza pakumva. Nanga mwana adzamva bwanji ngati bambo ndi mai ali duu?

Choipa koposa ndi kunamizira Malembo Oyera. Ndi kangati tamva munthu akunena motsimikiza kuti Baibulo limati Mulungu amathandiza odzithandiza okha? Funani kuyambira buku loyamba mpaka lomaliza, simuŵapeza. Ganizoli lidali kale pakati pa Agriki akale; Mngerezi wina wandale, Algernon Sidney, adalilemba m'buku lake losindikizidwa mu 1698, ndipo Benjamin Franklin wa ku America adalifalitsa mu 1736. Kulimbikira ntchito nkwabwino, sitikana. Koma mau ameneŵa kaŵirikaŵiri amatuluka pamene mai wamasiye waima pakhomo ndi kambale m'manja, mwininyumba nkufuna kumbweza popanda kuchita manyazi. Munthu uja adavulazidwa ndi achifwamba pa njira ya ku Yeriko, m'fanizo la pa Luka mutu 10, sakadatha kudzithandiza, ndipo Yesu adayamikira amene adamtola. Kuika mau a Franklin m'kamwa mwa Mulungu kuti timane wosauka ndi tchimo loŵirikiza.

Augustine Woyera, amene adamwalira mu 430, nayenso wasenzetsedwa katundu wa eni. Langizo lija lakuti pa zofunika tikhale amodzi, pa zokayikitsa tikhale aufulu, ndipo pa zonse tikhale ndi chikondi, silipezeka m'mabuku ake. Akatswiri adalipeza m'buku la mu 1617 la Marco Antonio de Dominis, arkiepiskopi wa ku Split amene adakangana ndi Roma nkuthaŵira ku England. Papa John XXIII adaligwiritsa ntchito m'kalata yake Ad Petri Cathedram mu 1959, koma sadatchule Augustine: adanena poyera kuti mauwo amanenedwa kuti ngochokera kwa olemba osiyanasiyana. Ngati Papa sadachite manyazi kutero, ife tikuopanji? Chimodzimodzinso malangizo aja otilimbikitsa kuchitabe zabwino ngakhale anthu asayamike, amene amati ndi a Mai Teresa wa ku Calcutta: adaŵalemba ndi Kent Keith mu 1968 ali mnyamata wa pa sukulu ya Harvard, ndipo adangopachikidwa pa khoma la nyumba ya ana imene masisitere a Mai Teresa ankayang'anira.

Lamulo lachisanu ndi chitatu limatiletsa umboni wonama, ndipo silinena kuti bodza lokoma nlololedwa. Tikanamizira woyera timalakwira anthu atatu. Timalakwira woyerayo pomphimba nkhope ndi mau amene sadanene, mpaka zake zenizeni nkuiŵalika. Timabera wolemba weniweni thukuta lake. Timalakwiranso ana athu, pakuti mwana wa lero amafufuza pa intaneti m'kamphindi, ndipo akagwira mphunzitsi wake bodza pa za Francis, adzakayika pamene mphunzitsi yemweyo adzamuuza za kuuka kwa Ambuye.

Makolo athu anali anzeru pa zimenezi. Poponya mwambi sankati adanena ndi mfumu yakutiyakuti. Ankangoti akuluakulu adati, ndipo mwambiwo unkaima pa miyendo yake. Mau a akulu akoma akagonera, osati chifukwa cha dzina lobwereka. Choncho tisanalembe dzina la woyera pa kalendala, pa chikwangwani cha mphakati kapena pa mwala wa pamanda, tifunse buku lake, mutu wake ndi chaka chake. Zikasoŵa, tilembe kuti wina adanena, basi. Oyera adafera choona, ndipo safuna kuti tiŵalemekeze ndi bodza.