Ndemanga: Wobindikira asasanduke wotayidwa

Mu Julayi 2025 Unduna wa Zaumoyo ku Maputo unalengeza kuti matenda a mpox apezeka m'boma la Lago, m'chigawo chino cha Niassa. Odwala amene thupi lawo linali lisanafooke kwambiri anauzidwa kuti abindikire kunyumba kwawo mpaka zilonda zitapola. Kwa anthu a ku Nkholongue, Metangula, Messumba, Cóbuè ndi midzi ina ya m'mbali mwa nyanja, aka kanali kachitatu kuchokera mu 2020 kuti mliri ugogode pakhomo.

Woyamba unali Covid-19. Munthu woyamba kupezeka nawo m'Mozambique anali wa ku Maputo, pa 22 Malichi 2020. Tsiku lotsatira sukulu zonse zinatsekedwa, ndipo pa 1 Epulo a Filipe Nyusi, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, anaika dziko lonse pa malamulo a nthawi ya ngozi. Mizikiti ndi matchalitchi zinatsekedwa, pamaliro panaloledwa anthu 20 okha, ndipo aliyense wochokera kunja kwa dziko anayenera kubindikira masiku 14. Ku Nkholongue, mudzi umene Asilamu ndi ambiri, mwezi wa Ramadani wa chaka chimenecho unayamba ndi kutha mzikiti uli wotseka. Wachiwiri unali kolera, imene inayambira m'boma lomwe lino la Lago mu Sepitembala 2022, kenaka n'kufalikira m'zigawo zina za dziko.

Miliri itatu imeneyi yasiya phunziro limodzi limene atsogoleri ndi anthu wamba ayenera kulisunga. Lamulo lakuti munthu akhale m'nyumba n'losavuta kulilemba, ndipo n'losavuta kuliwerenga pa wailesi. Kulisunga kumadalira zinthu zitatu: wobindikirayo adya chiyani, alankhula ndi yani, ndipo anthu a m'mudzi adzamulandira bwanji akadzatuluka. Pamene mafunso atatuwa alibe yankho, wodwala amathawa m'nyumba, kapena amabisa matenda ake kuyambira pachiyambi, ndipo mliri umayenda mwakachetechete kuchoka khomo ili kupita khomo ilo.

Nkhani ya chakudya ndiyo yoyamba. Wogwira ntchito ya mu ofesi ku Lichinga akabindikira, malipiro ake amafikabe kumapeto a mwezi. Msodzi wa ku Nkholongue akapanda kulowa m'bwato usiku umodzi, m'mawa mwake pakhomo palibe usipa wodyera kondowole, palibenso wogulitsa kuti apeze sopo, mchere ndi mafuta. Mayi akabindikira, palibe wozula chinangwa, palibe woviika, palibe wosinja, palibe wotunga madzi. Tsidya lija la nyanja, boma la Malawi linalengeza kuti anthu onse akhale m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo 2020, koma Khoti Lalikulu linaimitsa lamulolo lisanayambe n'komwe, pamene ochita malonda m'misika anali atayamba kale kuchita zionetsero pofunsa kuti adzadya chiyani. Mu Meyi chaka chomwecho, anthu mazana angapo obwerera kuchokera ku South Africa anathawa pa bwalo la Kamuzu Stadium ku Blantyre kumene anawasunga podikira zotsatira, akudandaula za kusowa kwa chakudya ndi madzi. Kuno kwathu boma linalonjeza kudzera ku INAS thandizo la mametikali 1,500 pamwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi kwa mabanja ovutika, koma ndalamazo zinalunjika kwambiri m'matauni, ndipo m'malo ambiri zinafika mochedwa. Njala siidikira kalata ya ku Maputo.

Nkhani yachiwiri ndi ya mtima. Munthu wa kunyanja sanazolowere kukhala yekha. Amakoka chilimira ndi anzake, amasoka ukonde pansi pa mtengo akucheza, amadya m'mbale imodzi ndi abale ake, amapemphera phewa ndi phewa. Kumutsekera m'chipinda sabata ziwiri, zitatu kapena zinayi n'kumuchotsera zonse zimene zimamudziwitsa kuti kwacha kapena kwada. Tulo timasowa, chakudya sichikoma, ndipo maganizo amayamba kuzungulira pamalo amodzi: ngongole ya ukonde, ana amene sakuwaona, imfa. Ena amapsa mtima ndi kanthu kakang'ono, ena amangoti duu osayankha ngakhale moni. Ameneyo sanalodzedwe, ndipo si waulesi. Akuluakulu anaziona kale zimenezi pamene anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Nkhani yachitatu ndi manyazi. Mpox imatulutsa zotupa ndi matuza pankhope, m'manja, m'kamwa ndi kumalo obisika, ndipo pakati pa njira zimene imafalikira pali kugonana. Kaamba ka ichi, pakamwa pa anthu sipachedwa kuweruza. Komatu matendawa amapatsirananso pongokhudzana khungu, pofunda nsalu imodzi, pogona mphasa imodzi kapena posamalira wodwala, motero mwana, gogo ndi mlamu angathe kuwatenga popanda chilichonse chochititsa manyazi. Mudzi umene umaseka wodwala woyamba umaphunzitsa wachiwiri ndi wachitatu kuvala malaya aatali manja n'kulowa m'bwato ngati palibe chimene chachitika.

Chokondweretsa n'chakuti midzi ya kunyanja siyofunika kuphunzitsidwa kuchokera kunja mmene wobindikira amasamalidwira. Mayi akabereka amakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa, ndipo nthawi yonseyo amayi anzake amamuphikira, kumutungira madzi ndi kumutolera nkhuni. Mayi wachisilamu amene mwamuna wake wamwalira amakhala pa eda miyezi inayi ndi masiku khumi, ndipo abale sam'siya kuti agone ndi njala. Palibe amene amati mayi wa m'chikuta watayidwa; onse amadziwa kuti ali pa nthawi yake, ndipo tsiku lotuluka limadziwika. Nzeru yomweyo ndi imene ikufunika pa mliri. Chosiyana n'chimodzi chokha: wothandiza ayenera kudziteteza.

Tsono pakhomo pamene pagwa mpox, banja lisankhe munthu mmodzi wosamalira wodwala. Asakhale mayi woyembekezera, asakhale mwana, asakhalenso munthu amene thupi lake n'lofooka kale ndi matenda ena, pakuti amenewa ndiwo mpox imawapweteka kwambiri. Wodwala akhale ndi mphasa yake, chofunda chake, mbale yake ndi kapu yake. Zovala ndi zofunda zake zisakutumulidwe; zichapidwe pazokha ndi sopo ndi madzi otentha, n'kuyanikidwa padzuwa. Wodwala asakande kapena kuphulitsa matuza, ndipo pamene wina ali pafupi aphimbe zilonda ndi nsalu yoyera. M'kamwa mukakhala zilonda, madzi ofunda othira mchere pang'ono amathandiza pochukucha. Kubindikira kumatha pamene nkhanambo zonse zagwa ndipo khungu latsopano lamera, zimene kawirikawiri zimatenga sabata ziwiri mpaka zinayi. Onse amene anakhudzana naye adziyang'anire masiku 21, ndipo akamva kutentha thupi, mwanabere kapena akaona zotupa, apite kuchipatala msanga. Wodwala akayamba kubanika, kulephera kumwa, kumva kuwawa m'maso kapena kusokonezeka mutu, nthawi yokhala kunyumba yatha. Atengeredwe kuchipatala tsiku lomwelo.

Apa m'pofunika kusiyanitsa bwino, chifukwa kusokoneza kungaphe munthu. Wodwala kolera sabindikira kunyumba. Kolera imatha madzi m'thupi m'maola ochepa, choncho wotsegula m'mimba mwamadzimadzi ayambe kumwa madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi a kuchipatala nthawi yomweyo, ali pa ulendo wopita kuchipatala. Otsala pakhomo athire Certeza m'madzi akumwa kapena awawiritse, ngakhale madzi a m'nyanja akuoneka oyera chotani.

Kupatula thupi, palinso mtima wofunika kuusamala, ndipo mankhwala ake sagulidwa. Mpox siuluka kuchoka pakhonde kufika pabwalo. Mnzake wa wodwala angathe kukhala pa mpando patali pang'ono, panja pamene mphepo ikuwomba, n'kumuuza za mtengo wa utaka ku Metangula, za mwera umene waletsa mabwato, za mpira ndi za maukwati. Kucheza kotere kwa theka la ola tsiku lililonse kumachita zimene jakisoni sangachite. Wailesi ikhale m'chipinda cha wodwala, osati pabalaza, ndipo mabatire akatha wina awagule. Rádio Moçambique ya ku Lichinga imaulutsa m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakua. Amene ali ndi foni amuimbire, ndipo amene ali ndi sola amutchajire. Wodwala nayenso asunge dongosolo la tsiku: adzuke m'mawa, asambe, apemphere pa nthawi zake, awothe dzuwa kuseri kwa nyumba, adye pa nthawi imene ena akudya. Kulemba mzere pakhoma tsiku lililonse kumamukumbutsa kuti masiku akupita ndipo mapeto alipo. Koma wobindikira akayamba kukana chakudya masiku angapo, kapena kunena kuti kuli bwino kufa, abale asakutenge ngati kudandaula wamba. Asamusiye yekha, ndipo adziwitse a zaumoyo mwachangu.

Eni maukonde ali ndi gawo lawo. Mnyamata wa m'gulu la chilimira akabindikira, malo ake asungidwe, ndipo kagawo ka nsomba kafike pakhomo pake monga mmene kamafikira pakhomo pamene pagwa maliro. Mwini ukonde amene amachotsa wodwala ntchito akudzipweteka yekha, chifukwa mawa wina adzabisa zilonda zake n'kupatsira gulu lonse m'bwato limodzi, ndipo ukondewo udzakhala pamchenga mwezi wathunthu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mafumu, masheikh ndi abusa nawonso asadikire kuti mliri ufike ndiye ayambe kufunsana. Mzikiti uliwonse ndi mpingo uliwonse uli kale ndi njira yosonkhera pa maliro ndi pa chikondwerero. Njira yomweyo ingathe kusunga kathumba ka ufa, sopo ndi mchere ka banja lobindikira. Mfumu ikalankhula pabwalo kuti wakutiwakuti akudwala, tim'thandize, ndipo akachira abwerera pakati pathu, miseche imachepa mphamvu. Tsiku limene wodwala watuluka, akuluakulu a mudzi akhale oyamba kumupatsa moni wa m'manja anthu akuona.

Boma nalo lili ndi ngongole kwa anthu a m'malire. Choyamba, wa zaumoyo amene wauza munthu kuti abindikire abwererenso kudzamuona, kapena atume APE wa m'mudzimo, pakuti kuchoka ku Metangula kufika ku chipatala chachikulu cha Lichinga ndi ulendo wa makilomita oposa 100, ndipo wodwala wosiyidwa yekha sadziwa nthawi yoyenera kunyamuka. Chachiwiri, lamulo lobindikira lizibwera limodzi ndi thandizo la chakudya ndi sopo kwa mabanja osowa, ndipo thandizolo lizifika sabata yomweyo. Chachitatu, uthenga uzifika m'chilankhulo cha eni dera. Chikalata cha Chipwitikizi chokhomedwa pakhoma la chipatala sichifika kwa gogo wa ku Nkholongue. Chachinayi, akuluakulu a zaumoyo a ku Lago azilankhulana ndi anzawo a ku Likoma ndi Chizumulu. Zilumba ziwirizi ndi za Malawi koma zili pafupi ndi gombe la Mozambique, ndipo mabanja, malonda ndi maliro zimawoloka madziwo tsiku ndi tsiku. Kutseka malire papepala sikuimitsa bwato la usiku. Chimene chimathandiza n'chakuti wodwala adziwe kuti kulikonse kumene angafike adzalandiridwa popanda kumuopseza.

Achikulire a m'boma lino anaona nthomba, matenda a mtundu umodzi ndi mpox koma oopsa kwambiri, amene bungwe la zaumoyo padziko lonse linalengeza mu 1980 kuti atheratu. Anaonanso nkhondo imene inabalalitsa mabanja, ena kuthawira ku Malawi, ena m'matauni, mpaka mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Covid-19 nayo inafika pochepa mphamvu: katemera anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu Malichi 2021, ndipo pa 5 Meyi 2023 bungwe lomwe lija linalengeza kuti matendawa salinso ngozi ya dziko lonse. Palibe mliri umene unakhala mpaka kalekale, koma palibenso amene angalonjeze kuti wina sudzabwera, makamaka m'dera limene anthu amayenda pakati pa Mozambique, Malawi ndi Tanzania.

Choncho nthawi yokonzekera ndi ino, pamene mabwato akuyenda ndipo mizikiti ndi matchalitchi zili zotsegula. Mudzi uliwonse ukhale pansi n'kugwirizana kuti wina akadzabindikira, adzam'phikira ndani, adzam'tungira madzi ndani, adzalowa m'malo mwake m'bwato ndani, ndipo adzakhala pabwalo kucheza naye ndani. Munthu amene wavomera kukhala m'nyumba sabata zinayi akuteteza ana a mudzi wonse, ndipo mudziwo uyenera kum'bwezera ndi nsima, madzi ndi moni. Mutu umodzi susenza denga.