Maola 24 pamwezi: kodi malire a UIF akusiya ndani kunja?

Ku South Africa, munthu ntchito ikamuthera amatha kulandira kangachepe kuchokera ku thumba la UIF, pansi pa lamulo la 2001. Wantchito amasonkha 1 peresenti ya malipiro ake, bwana nayenso amaikapo 1 peresenti. Kuyambira mu 2003, antchito am'nyumba ndi osamalira maluwa analowetsedwanso. Koma amene sakwanitsa maola 24 pamwezi kwa bwana mmodzi sawerengedwa.

Apa ndiye pagona nkhani, makamaka kwa Amalawi ambiri omwe amadalira maganyu ku Joni. Mayi wochapa ndi kusita panyumba imodzi Lachiwiri lililonse, maola 8 patsiku, amafika maola 32 ndipo ayenera kulembetsedwa. Mnzake amene amatchetcha kapinga m'nyumba zinayi, kawiri pamwezi panyumba iliyonse, nayenso maola 8 patsiku, wagwira maola 64, koma kwa bwana aliyense ndi maola 16 okha. Mabwana akasamuka, iye amangotsala manja lende.

Oikira kumbuyo malirewa ali ndi mfundo zomveka. UIF ndi inshuwalansi: munthu amalandira malinga ndi zomwe anasonkha, pakati pa 38 ndi 60 peresenti ya malipiro ake. Wosonkha timakobiri angalandirenso timakobiri, pamene kusunga kaundula wake kungadye ndalama zambiri. Kutsimikiza maola a ganyu yopanda mgwirizano wolembedwa nkovutanso, ndipo akathyali angapezerepo mpata. Palinso mantha akuti mabanja akaumirizidwa kulembetsa aliyense wobwera kawiri pamwezi, ena angosiyiratu kuitana waganyu.

Komabe lamulo lomweli limadziwa kale kuti wantchito wam'nyumba amakhala ndi mabwana angapo, ndipo limalola wolembetsedwa amene wataya bwana mmodzi kupempha thandizo ndalama zake zikatsika kwambiri. Nanga chikuletsa nchiyani kuphatikiza maola onse? Malire oyang'ana bwana mmodzimmodzi amapatsanso mabwana ena njira yozembera udindo: kungochepetsa masiku, basi sasonkhanso.

Ndikuona kuti malire a maola 24 angathe kukhalapo, koma aziwerengedwa pa munthu wogwira ntchitoyo, osati pa nyumba. Podikira kuti aphungu asinthe lamulo, inu amene mukugwira maganyu kumeneko muzilemba masiku ndi maola anu m'kope. Mukafika maola 24 panyumba imodzi, funsani abwana ngati anakulembetsani ku UIF, chifukwa umenewo ndi udindo wawo mwalamulo.