Za Magetsi a Pamutu ndi Kuiwala kwa Okalamba

Mwa mphatso zonse zimene Namalenga anaika m'mutu mwa munthu, ilipo imodzi imene sitiiyamika kufikira tsiku limene iyamba kutithawa, ndiyo mphamvu yosunga zinthu zingapo m'maganizo kwa kamphindi pamene tili kuzigwiritsa ntchito: nambala ya foni imene mnzathu watchula tisanailembe, mtengo wa mchere ndi wa sopo pamene tikuwerengera chenji, kapena mawu oyamba a mlaliki pamene tikudikira kumene akukathera. Alan Baddeley ndi Graham Hitch a ku Britain anailongosola mphamvu imeneyi mu 1974, ndipo ofufuza obwera pambuyo pawo anapeza kuti imanyamula zinthu ngati zinayi zokha pa nthawi imodzi, ndi kuti imanka nichepa munthu akamakalamba.

Maganizo akuti ubongo ungatsitsimutsidwe ndi magetsi popanda kuboola chigaza ndi akale ndithu, pakuti Scribonius Largus, sing'anga wa ku Roma m'masiku a mfumu Claudius, ankaika nsomba yotulutsa magetsi pamutu pa odwala litsipa. Koma njira za masiku ano zinayamba mu 1985, pamene Anthony Barker wa ku Sheffield anadzutsa ubongo ndi maginito, ndi mu 2000, pamene Michael Nitsche ndi Walter Paulus a ku Göttingen anaonetsa kuti magetsi ofooka zedi, oyenda pakati pa tinsalu tiwiri tonyowa toikidwa pamutu, amasintha changu cha minyewa ya m'kati.

Chimene chandigwira mtima ine, komabe, ndi ntchito ya Robert Reinhart ndi John Nguyen a pa Boston University, imene inafalitsidwa mu 2019. Iwo anayerekeza achinyamata 42 a zaka 20 mpaka 29 ndi achikulire 42 a zaka 60 mpaka 76, naona kuti mwa achikulirewo mbali yakumphumi ya ubongo ndi mbali ya pafupi ndi khutu zinali zitaleka kuyendera limodzi. Pakuti ubongo uli ndi mafunde ake, ena mwa iwo ogunda kanayi kufikira kasanu ndi katatu pa sekondi, ndipo zigawo zotalikirana zimamvana pokhapokha mafundewo akagwirizana, monga amayi awiri osinja mu mtondo umodzi, amene aliyense angakhale ndi nyonga zotani, akasiyana nthawi yotsitsa munsi, minsi imagundana ndipo mphale siituluka. Ofufuzawo atawapatsa achikulirewo magetsi kwa mphindi 25, ogunda pa liwiro loyenerana ndi ubongo wa munthu aliyense, mbali ziwirizo zinayambanso kumvana, ndipo okalambawo anakhoza mayeso a kukumbukira mofanana ndi achinyamata kwa mphindi 50 zonse zimene anapitiriza kuyesedwa. Mu 2022 gulu lomwelo linayesa anthu 150 a zaka 65 mpaka 88, mphindi 20 pa tsiku kwa masiku anayi otsatizana, ndipo phindu lake pa kukumbukira mndandanda wa mawu linaonekabe patatha mwezi. Taonani tsono, kuiwala kwina kwa ukalamba kumadza chifukwa njira zolumikiza zigawo za ubongo zasokonekera, zigawozo zikali zamoyo. Ndipo chosokonekera, kusiyana ndi chakufa, chingathe kulongosoledwa.

Ngakhale zili tero, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2015 Jared Horvath ndi anzake a ku Melbourne, atasanthula zofufuza zambiri za magetsi ofooka aja operekedwa kamodzi kwa anthu athanzi, sanapeze phindu lodalirika pa nzeru; ndipo mu 2018 gulu la György Buzsáki, poyesa pa mitembo, linapeza kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magetsiwo amathera m'khungu ndi m'fupa osafika pa ubongo. Kukhoza mayeso a mawu m'chipinda chofufuzira sikunakhalebe mankhwala a matenda a Alzheimer, ndipo amene adzakuuzani zosiyana ndi izi akufuna ndalama zanu.

Ndikunena motero chifukwa tizipangizo tovala pamutu tayamba kale kugulitsidwa pa intaneti, ndi malonjezo a nzeru zofulumira kwa ana a sukulu ndi kwa agogo omwe, chikhalirecho palibe dokotala woyeza ubongo wa wogulayo kapena wosankha malo oyenera kuikapo waya. Musatigule, abale anga, ndipo musayerekeze kupanga tanu ndi mabatire. Koma agogo anu akayamba kuiwala maina a adzukulu kapena kusochera pa njira ya kuchitsime, musalole kuti mudzi uwatche mfiti, monga zachitikira okalamba ambiri m'dziko lathu lino. Agwireni dzanja, mupite nawo kuchipatala akayezedwe.