Aphunzitsi, lekani kukopetsa ana manotsi

Zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, kuno ku Mulanje dandaulo limakhala lomwelija chaka ndi chaka: "Mwana wakhoza zina zonse, koma Chingerezi chamugwetsa." Lamulo la MANEB sitilisowa. Kuti mwana alandire satifiketi ayenera kukhoza maphunziro 6, limodzi mwa iwo likhale Chingerezi, ndipo wofuna malo kuyunivesite ya boma amafunika kirediti pa phunziro lomweli. Makolo akamva izi amathamangira kugula mapamfuleti ndi kulipira patitayimu. Ndalamazo zikungopita. Ana athu sitikuwaphunzitsa kuwerenga, kulemba kapena kuyankhula pagulu. Tikuwaphunzitsa kukopera.

Kalowereni m'makalasi a Fomu 3 m'ma CDSS ambiri, kuchokera ku Nkando mpaka ku Muloza. Mphunzitsi wapereka kope lake lakale, lothothoka chikuto, kwa mwana wa dzanja labwino kuti alembe pabolodi. Iye akulemba, anzake akukopera, wina kumbuyo akufuula kuti "osafufuta kaye!" Belu likamalira, palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene wapanga chiganizo chakechake. Mufunseni mtsikana amene wadzadza masamba atatu uja kuti ndime yomalizayo ikunena chiyani, angoyang'ana pansi. Chopweteka n'chakuti pamayeso a Chingerezi pali funso loti mwana awerenge nkhani n'kutolamo yekha mfundo, ndi linanso loti aifupikitse. Luso limene mayeso akufuna ndi lomwelo limene tikumulanda tsiku ndi tsiku.

Aphunzitsi sindikuwanyoza ayi. Sukulu ya ulere itayamba mu 1994, ana a kupulayimale anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni ndi kupitirira, makalasi n'kusefukira. Mu 1998 boma linasandutsa malo a MCDE kukhala ma CDSS, ambiri opanda laibulale. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, makalasi ena anagwa, mabuku ananyowa, sukulu zina zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Kumene buku limodzi akulimbirana ana khumi, bolodi imasanduka buku. Zimenezo ndikuzimva. Koma kusowa kwa mabuku kwatipatsa pobisalira, moti ngakhale kumene mabuku alipo amakhala otsekeredwa m'kabati ya ahedi kuopa kuti ana awang'amba.

Boma nalo linafuna njira yachidule. Mu 1996 unduna unalamula kuti Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chiyankhulo chakwawo. Lamulo la maphunziro la 2013 linatembenuza zimenezo, ndipo mu 2014 nduna ya nthawi imeneyo, a Lucius Kanyumba, inalengeza kuti Chingerezi chiziyambira Sitandade 1. Mwana wa ku Chonde, amene agogo ake amamuyankhula m'Chilomwe ndipo amasewera ndi anzake m'Chichewa, akamva phunziro lonse m'chiyankhulo chachitatu amachita chimene angathe, kuloweza mawu osawamva. Pamwamba pake tawonjezera chilango. Monita amalemba mayina a oyankhula Chichewa, ndipo masana amapatsidwa zikwakwa kukatchetcha bwalo. Chimene mwana amaphunzirapo n'kutseka pakamwa. Ndani angayese chiganizo cha Chingerezi akudziwa kuti akaphonya asekedwa, akathawira ku Chichewa alangidwa?

Pitani ku Likhubula mukamve anyamata olondolera alendo kuphiri la Mulanje. Ena mwa iwo sukulu sanapite nayo patali, koma amamufotokozera mzungu njira ya ku Chambe ndi ku Sapitwa, za chiperoni, za mkungudza umene watha ndi macheka, ndipo mlendo akafunsa amayankha osagwira njakata. Galamala yawo imatsimphina, inde. Koma ali ndi zinthu ziwiri zimene mwana wa Fomu 4 alibe: nkhani imene akuidziwa bwino, ndi munthu amene akufunadi kuimva. Wothyola tiyi ku Lujeri sanaphunzire kutenga masamba awiri ndi kansonga pomvera kapitawo akufotokoza. Dzanja linazolowera m'munda. Kulemba ndi kuyankhula n'chimodzimodzi.

Amene apulumuka n'kusankhidwa kupita ku Unima ku Zomba kapena ku MUST ku Ndata amakakumana ndi zina. Kumeneko amauzidwa kuti awerenge mabuku angapo, asiyanitse maganizo a olemba, anene mbali imene iwo aima, atchule kumene atenga mfundo iliyonse, kenako aime kutsogolo n'kufotokoza. Mwana amene kwa zaka 12 ankayamikiridwa chifukwa chokopera bwino amatsegula intaneti pafoni n'kukopera, ndipo tsopano amauzidwa kuti waba. Tinamuphunzitsa ndife.

Zoyenera kuchita sizilira thumba la abwenzi akunja. Sabata iliyonse mwana alembe tsamba limodzi pa nkhani ya kwawo: mtengo umene alimi ang'onoang'ono akugulitsira tiyi, malonda a chimanga pachipata cha Muloza, kapena chimene anthu a m'munsi mwa phiri apindule nacho UNESCO italiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. Ayambe akambirana m'Chichewa kapena m'Chilomwe mpaka mfundo zipse, kenako alembe m'Chingerezi, asinthane makope, aliyense afunse mnzake kuti "apa ukutanthauza chiyani?" Mphunzitsi sangachonge makope onse sabata imodzi, koma angachonge khumi mosinthana, ndipo kope lochongedwa libwerere kwa mwini wake kuti alembenso. Lachisanu ana atatu kapena anayi aime kutsogolo mphindi zitatu aliyense, opanda pepala m'manja, ndipo atsikana asadumphidwe. Mabuku a m'kabati aja atuluke, ang'ambike ali m'manja mwa ana.

A MANEB nawo ali ndi mbali yawo. Mayeso a Chingerezi a MSCE onse ndi olemba, ndipo mphunzitsi amene akuthamangitsana ndi silabasi sangataye piriyodi pa chinthu chopanda malikisi. Ikani malikisi ena pa kuyankhula pamaso pa anthu ndi pa nkhani imene mwana wafufuza yekha kwawo, kuyambira Fomu 3.